Mpweya Wobwereka

Chidole cha m'kalasi tinachitcha Zuze.
Chifuwa cha pulasitiki, mapapo a mphira.
Lachiwiri lokha chinafa kasanu m'manja mwathu
popanda wolira, popanda wotifunsa mlandu.
Mayi Kadzakumanja ankangodina batani kuti chidzuke,
n'kutiyang'anira pamwamba pa magalasi:
"Mwamuphanso. Mwamupopa ngati tayala la kabaza."

Ankati mapapo sakula ndi mimba.
Tenga tepi, yeza msinkhu wa munthu,
mpweya uwerengere pamenepo.
Ankati potulutsa usakokolole wonse,
siyamo pang'ono, ngati khala lotsala m'mbaula
kuti m'mawa usakapale moto kwa eni.
Timatumba ta m'mapapo tikafota n'kumatana,
kutitsegulanso n'kutivulaza.
Ndinalemba zonsezi m'kope la masamu la mwana wanga,
kumasamba otsala.

Lachisanu usiku foni inalira. Ku Mitundu.
Pa fayilo: Lekeleni Msakambewa, zaka makumi awiri ndi zitatu,
wachira dzulo, wakomoka kawiri,
chubu chili kale pakhosi.
Ndinamuyeza msinkhu ali chigonere,
mkulu wake akundiyang'ana ngati ndikuyezera bokosi.
Ndinati ayi, mayi, n'za mpweya izi.

Silinda ya okosijeni sidziwa kuti msewu uli ndi maenje.
Ndinawerengera muvi wake, ndinawerengera mtunda,
ndinaonjezapo mphindi za malole a fodya
ndi za zimene sindikuzidziwa.
Malikebu analiza injini.

Fuu, tsii. Fuu, tsii.
Makina ndi iye anamvana mpaka pa mphambano ya Bunda.
Pamenepo galimoto inadumpha,
makina anakuwa,
nyale yofiira ikuti mpweya ukukanika kulowa.
Nambala ya pachala inayamba kutsika masitepe:
94, 89, 83.
Chala changa chinathamangira batani loziziritsa phokoso,
ndinachibweza.
Makina akalira, yang'ana munthu kaye.
Mawu amenewo anabwera ndi magalasi awo omwe.

Ndinamuchotsa ku makina, thumba m'manja,
finya, siya, finya, siya, lofewa bwinobwino.
Chubu pa mano chili pomwe ndinachisiya.
Khutu kumanzere, khutu kumanja: mpweya ukudutsa konse.
Ndiye vuto si Lekeleni.
Ndinatsata paipi ndi dzanja ngati wofuna pobooka madzi,
ndipo ndinaipeza, yopindika pansi pa phewa,
itakulungidwa m'chitenje chabuluu.
Mkulu wake anam'funditsa ndisakuona.
"Amazizidwa msanga uyu," anatero,
"kuyambira ali mwana."

Ndikanam'kalipira ndani?
Ndinawongola paipi, chitenje ndinachibwezera bwino,
ndinagwira dzanja la mayiyo n'kuliika pamenepo:
"Gwirani apa, isapindikenso. Ntchito yanu ndi imeneyi."
86, 91, 95.
Pa Biwi agalu okha ndiwo anationa tikudutsa.
Pa mlatho wa Lilongwe ndinazindikira
kuti inenso ndinali nditasiya kupuma.

Ku Sentulo ndinapereka manambala onse osagwira pepala:
kuchuluka, liwiro, wotsala m'mapapo,
mphindi zitatu za pa Bunda osabisa.
Muvi wa silinda unali utatsala pang'ono kugona.
Zitseko zinatsekeka, iye anapita ndi makina ena,
ine ndinatsala ndi machira opanda munthu
ndi fungo la sipiriti m'zala.
Ngati anadzuka kudzayamwitsa mwana wake,
fayilo yanga sifika kumeneko.

Lolemba ndinawafotokozera Mayi Kadzakumanja.
Sanayamikire, sanadzudzule,
anangoti, "Chabuluu?"
Mawa lake analowa m'kalasi ndi chitenje m'chikwama,
anam'funditsa Zuze mpaka m'khosi,
dzanja lawo likuchita zake pansi pa nsalu.
Makina anakuwa.
Anzanga asanu ndi awiri anathamangira ku mabatani.
Ine ndinakhala chete pampando wakumbuyo,
ndikuwerenga masekondi pa wotchi,
kudikira woyamba amene akweze nsaluyo.